Wophunzira wa ku yunivesite amene ali ndi ADHD pamodzi ndi nkhawa kapena kukhumudwa: banja liyambire pati?

Muphwa wanga atabwerera kuno ku Kasungu pakutha pa chaka chake chachiwiri ku yunivesite, ali ndi mayeso atatu oti akalembenso, amene ophunzira amawatcha sapu, banja linasonkhana pakhomo panga poti ine ndine atsibweni ake, ndipo aliyense anafika ali ndi yankho kale. Mayi ake, amene ndi mlongo wanga, ankakhulupirira kuti pali anthu ansanje amene amuchita chipongwe mwanayo. Bambo ake ankati ndi ulesi ndi masewera a m'tauni, ndipo anatikumbutsa tonse kuti ndalama za fodya amene anagulitsa ku Chinkhoma zinathera pa fizi ndi lendi. Mnyamatayo anangozolika osayankha, koma nditamutengera kuseri anandiuza mawu amene sindinawaiwale mpaka lero: "Atsibweni, ndimakhala m'laibulale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsamba limodzi ndimaliwerenga kasanu osagwirapo kanthu, ndipo usiku mtima umangogunda, tulo osabwera." Tinayendayenda miyezi yambiri tisanamve kuti anali ndi ADHD pamodzi ndi nkhawa yopitirira muyezo. Ndalemba izi kuti mabanja ena a ku Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi madera ena asataye nthawi ndi ndalama monga tinatayira ife.

ADHD ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa munthu kulephera kukhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi, kuiwalaiwala, kusiyira ntchito panjira, ndipo kwa ena kujijirika ndi kuchita zinthu asanaganize. Dzina loti ADD, limene ena amaligwiritsabe ntchito, linayamba mu 1980, ndipo mu 1987 linasinthidwa kukhala ADHD. Buku lofotokoza matenda a maganizo la DSM-5, limene bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013 ndipo madokotala ambiri amalitsatira, limati vutoli limapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndi mwa akuluakulu 2 kapena 3 pa 100. Limayenda kwambiri m'magazi, kotero si zachilendo kuti kholo likamamva zizindikiro za mwana wake limayamba kudzikumbukira lokha. Kuti dokotala anene kuti munthu wazaka 17 kapena kuposerapo ali ndi ADHD, pamafunika zizindikiro zosachepera 5 za gulu limodzi, kaya la kusakhazikika maganizo kapena la kujijirika, zimene zakhalapo kwa miyezi 6 kapena kuposa, zooneka m'malo awiri kapena ochulukirapo monga kusukulu ndi kunyumba, zosokonezadi moyo wake, ndiponso zoti zina mwa izo zinalipo asanakwanitse zaka 12. Mfundo ya zaka 12 imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Makolo amafunsa, ndipo ali ndi chifukwa chofunsira, kuti ngati vutoli ndi la ubwana, nanga mwanayu anakhoza bwanji MSCE mpaka kusankhidwa? Yankho lili m'kusiyana kwa sekondale ndi yunivesite. Ku sekondale yogonera konko belu limamudzutsa, belu limamulowetsa m'kalasi, nthawi yowerenga madzulo ndi yokakamiza, ndipo mphunzitsi amamudziwa dzina. Mwana wanzeru amene ali ndi ADHD amatsamira pa mpanda umenewo osadziwa kuti akutsamira. Akafika ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Blantyre kapena ku Thyolo, mpandawo kulibe: asayimenti imaperekedwa lero yoti idzabwezedwe pakatha milungu inayi, ndalama za chakudya ayenera kuzigawa yekha, ndipo palibe womufunsa akajomba. Atsikana ndi amene amaphonyedwa kwambiri, chifukwa ambiri a iwo sasokosa m'kalasi, amangokhala duu maganizo ali kutali, ndipo kwathu kuno mtsikana wachete timamutamanda kuti ndi waulemu.

Chimene chimavutitsa kusankha njira n'chakuti ADHD siyenda yokha kawirikawiri. Oposa theka la akuluakulu amene ali nayo amakhalanso ndi vuto lina la maganizo, makamaka nkhawa, matenda a kukhumudwa, kusagona, kapena kudalira mowa ndi chamba, ndipo ena ochepa amakhala ndi bipolar, matenda amene munthu amakhala masiku angapo ali ndi mphamvu zodabwitsa osafuna tulo, kenako n'kugwa m'chisoni chachikulu. Nthawi zina mavuto amenewa amabadwa kuchokera ku ADHD yomweyo, pakuti munthu amene wakhala zaka khumi akumva kuti ndi waulesi pamene iye akudziwa kuti akuyesetsa amafika podziona ngati wopanda pake. Nthawi zina ADHD kulibe n'komwe, ndipo kukhumudwa kapena nkhawa ndi zimene zikumulanda chidwi. Kusiyana kwake kumaoneka pa mbiri: kukhumudwa kumakhala ndi poyambira, munthu amatha kunena kuti zinayamba maliro a bambo atachitika kapena chibwenzi chitatha, pamene ADHD ilibe tsiku loyambira limene mwiniwake angalikumbukire. Palinso matenda a m'thupi amene amafanana nazo, monga kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, ndi mtundu wa khunyu umene munthu amangoti phee kwa kanthawi osagwa. Njala nayo tisaiiwale, pakuti wophunzira amene akudya kamodzi pa tsiku sangakhazikike pa buku. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre anaonetsanso kuti ana ena amene anapulumuka malungo a muubongo amadzakhala ndi khunyu kapena mavuto a khalidwe pambuyo pake, choncho mbiri ya malungo aakulu a paubwana ndi yofunika kuitchula kwa dokotala.

Njira imene mabanja ambiri amayamba nayo ndi kukalipa ndi kudikira kuti mwanayo asintha. Ubwino wake ndi umodzi wokha, woti siidya ndalama lero. Ngati vuto linali kutengeka ndi anzake chabe, mawu a atsibweni angathandize ndithu. Koma ngati ndi ADHD yokhala ndi nkhawa, kukalipa kumawonjezera nkhawayo, nkhawa imachotsa tulo, kusagona kumachotsa chidwi chimene chinatsalako, ndipo semesita yotsatira imadzaipa kuposa yoyamba. Mtengo wake umadzaoneka mwana atachotsedwa sukulu ngongole ya boma ili pamutu. Ndiponso pali malire amene kudikira sikuloledwa konse: wophunzira akanena zofuna kudzipha, akayamba kutsanzikana ndi anthu kapena kugawa katundu wake, akamamva mawu amene ena sakuwamva, kapena akatha masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha.

Njira yachiwiri ndi imene ophunzira amadzisankhira mwakachetechete, ndipo ndi imene ndimaiopa kuposa zonse. Amamwa khofi wambiri ndi zakumwa zopatsa mphamvu kuti achezere kuwerenga, amasuta chamba kuti mutu udekhe, amamwa mowa kuti agone, ndipo ena amapempha mapilisi kwa mnzawo amene anapatsidwa ndi dokotala. Iwo amati zikuthandiza, ndipo kwa maola ochepa amamvadi kupepukidwa. Koma chamba chimafooketsa kukumbukira ndi chidwi, zinthu zomwezo zimene wophunzirayo akuperewera, ndipo kwa achinyamata osuta kwambiri chimawonjezera chiopsezo cha misala. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi ziphaso, silinaloleze kusuta. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku ndi kukulitsa kukhumudwa m'mawa mwake. Khofi wochuluka kwa munthu wankhawa amafulumizitsa mtima mpaka iye kuganiza kuti akufa. Pa zimenezi ndiwonjezerepo kubetcha pa foni, kumene kumakola mosavuta munthu wochita zinthu asanaganize, ndipo ndalama za chakudya cha mwezi wonse zimatha usiku umodzi.

Za mapemphero ndi asing'anga ndilankhula mosamala, chifukwa mlongo wanga anayamba kumeneko ndipo anachita zimenezo chifukwa chokonda mwana wake. Mpingo uli ndi zimene chipatala sichingapereke: anthu omuyendera, abusa kapena ashehe omumvetsera, ndi chiyembekezo pa nthawi imene iye sakudziona bwino. Wophunzira amene ali m'gulu la mapemphero kusukulu sakhala yekhayekha, ndipo zimenezo zimateteza. Choopsa chimabwera pamene wauzidwa kuti ataye mankhwala a kuchipatala posonyeza chikhulupiriro, kapena kuti asale kudya masiku ambiri pamene thupi lake ndi lofooka kale. Kwa asing'anga, vuto loyamba ndi loti sitidziwa zimene zili m'mankhwala awo ndi mmene zingakumanirane ndi a kuchipatala, ndipo lachiwiri ndi loti kuombeza kumathera pa kuloza chala wachibale, kawirikawiri gogo wosalakwa, zimene zimapasula banja komanso ndi mlandu pansi pa lamulo la za ufiti la 1911. Maganizo anga ndi akuti mapemphero ayende limodzi ndi chipatala, koma asalowe m'malo mwake.

Njira imene ndimalimbikitsa kuti banja liyambire ndi chipatala cha boma chachikulu cha m'boma lathu. Zipatala za maboma, monga cha Kasungu ndi cha Mchinji, zimakhala ndi anamwino kapena ma clinical officer ophunzira za matenda a maganizo, ndipo chithandizo chake n'chosalipira. Mphamvu ya njira imeneyi ili pa zinthu zimene zimafunika kuchotsedwa poyamba. Kumeneko angayeze magazi ndi kuthamanga kwake, angafunse za khunyu, za tulo, za mowa ndi chamba, ndipo angayeze kukula kwa kukhumudwa ndi mafunso monga a PHQ-9, amene anamasuliridwa m'Chichewa ndi kuyesedwa kuno ku Malawi. Kukhumudwa ndi nkhawa ndi matenda amene ogwira ntchito amenewa amakumana nawo tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala ake monga fluoxetine ndi amitriptyline ndi odziwika m'zipatala zathu. Madokotala amatsata mfundo yakuti chimene chikuopseza moyo kwambiri ndicho chiyambe kuthandizidwa, choncho ngati wophunzira ali ndi kukhumudwa kwakukulu kapena wamira mu mowa, zimenezo zimatsogola ndipo ADHD imaunikidwa bwino mutu utayamba kudekha. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti odwala ndi ambiri, nthawi yocheza ndi mmodzi ndi yochepa, ndipo ADHD ya akuluakulu si nkhani imene imabwera msanga m'maganizo pamene pamzere pali odwala misala ndi khunyu. Chifukwa cha ichi wophunzira ayenera kuitchula yekha, ndi kupempha kalata yomutumiza kwa akatswiri ngati chidwi sichikubwerera ngakhale chisoni chachepa.

Pa mankhwala a kukhumudwa pali zinthu zitatu zimene banja liyenera kudziwa. Sagwira ntchito tsiku lomwelo, amatenga milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi, ndipo ambiri amawasiya asanaone phindu lake. Kwa achinyamata osakwana zaka 25, milungu yoyamba imafuna kuyang'anitsitsa chifukwa kwa ena maganizo ofuna kudzipha amatha kukula asanayambe kuchepa, ndipo amitriptyline ndi woopsa kwambiri akamwedwa wochuluka, kotero ndi bwino kuti wachibale azisunga ndi kumapereka pang'onopang'ono. Chachitatu, munthu wa bipolar akapatsidwa mankhwala a kukhumudwa okha amatha kusokonekera kwambiri, ndiye ngati m'banja munakhalapo wodwala wotero, nenani, musabise chifukwa cha manyazi. Mankhwala amenewa amathandiza nkhawa ndi chisoni, koma fluoxetine sachiza ADHD yeniyeniyo.

Akatswiri a matenda a maganizo amapezeka m'mizinda: ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndi m'zipatala zina zolipira. Kwa ife a ku Kasungu, Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndiye pamafunika thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera, mwinanso kangapo, kuwonjezera pa malipiro kumene kuli kolipira. Wophunzira amene sukulu yake ili pafupi ndi malo amenewa angachite bwino kupita sukulu ili mkati m'malo modikira holide. Phindu la ulendowu ndi kuunika kozama, kumene kumatenga ola kapena kuposa, ndipo ndi kumene kungasiyanitse ADHD ndi bipolar kapena ndi nkhawa yokha. Pa intaneti pali mafunso a ASRS ofufuzira ADHD mwa akuluakulu, amene anakonzedwa mogwirizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, 18 onse pamodzi ndipo 6 oyambirira ndi osefera. Wophunzira angawayankhe ndi kupita nawo kwa dokotala, koma asawatenge ngati chigamulo, pakuti munthu wosagona kapena wokhumudwa amathanso kupeza mapointi okwera. Dzina la Zomba lisakuopseni: kupita kukaonana ndi katswiri sikutanthauza kugonekedwa, ndipo sikutanthauza kuti mwana wanu ndi wamisala.

Mankhwala enieni a ADHD ndi amene ali ndi umboni wamphamvu kwambiri pochepetsa zizindikiro zake, ndipo malangizo a 2018 a bungwe la za umoyo la NICE la ku Britain amaika methylphenidate kapena lisdexamfetamine patsogolo kwa akuluakulu. Methylphenidate, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Ritalin, amayamba kugwira ntchito pasanathe ola, ndipo mtundu wake wosakhalitsa umatha mphamvu pakapita maola atatu kapena anayi. Koma walira mvula walira matope: amachepetsa chilakolako cha chakudya, amachedwetsa tulo akamwedwa madzulo, amakweza kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa ena amakulitsa nkhawa, ngakhale kuti kwa enanso nkhawa imatsika ntchito zikayamba kutheka. Methylphenidate ali m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mokhwima pansi pa pangano la United Nations la 1971, ndipo mu 2019 ndi 2021 komiti ya WHO inakana kuwaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, choncho musayembekezere kuwapeza pa windo la mankhwala la chipatala chilichonse. Musanayambe, funsani kumene mudzawagule mwezi ndi mwezi ndi mtengo wake, chifukwa kuyamba ndi kusiya mayeso ali pafupi kumasokoneza wophunzira. Palinso atomoxetine, amene, mosiyana ndi methylphenidate, sali m'gulu la mankhwala ofulumizitsa ubongo, amatenga milungu ingapo kuti aoneke mphamvu, ndipo madokotala amamuganizira kwa munthu amene ali ndi nkhawa yaikulu kapena mbiri ya mankhwala ozunguza bongo. Zonsezi ndi zoti dokotala wovomerezeka ndi Medical Council of Malawi alembe ndi kulondoloza. Za pamsika ndi za pa WhatsApp ayi.

Uphungu ndi njira imene anthu amaipeputsa chifukwa amati ndi kucheza chabe, koma kwa wophunzira amene ali ndi mavuto awiri nthawi imodzi ndi umene umagwira mbali zonse ziwiri. Mtundu wotchedwa CBT umaphunzitsa munthu kugwira maganizo amene amamugwetsa, monga akuti "ndine chitsiru, ndilepheranso," ndi kuwayeza ngati ali oona, komanso umaphunzitsa luso logawa ntchito yaikulu m'zidutswa, kulemba zonse m'kabuku kamodzi ndi kuyamba ntchito mtima usanafune. Kuti uphungu wabwino sufuna dokotala wamkulu nthawi zonse zinaonetsedwa ku Zimbabwe, kumene Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kuthandiza anthu oganiza kwambiri kuthetsa mavuto awo limodzi ndi limodzi, ndipo njira imeneyi yayesedwanso kuno ku Malawi. Uphungu ulibe zotsatira zoipa za m'thupi ndipo luso lake limakhala ndi munthu moyo wonse. Kuvuta kwake n'kwakuti umafuna kupitako mlungu ndi mlungu, pamene kuiwala nthawi ndi chizindikiro cha matendawo, ndipo pa ADHD yaikulu uphungu wokha sufika pamene mankhwala amafika. Muphwa wanga anathandizika ndi mnzake wa m'chipinda amene ankamukumbutsa tsiku la uphungu ndi kumuperekeza.

Yatsala njira ya kusukulu komweko, imene siidya ndalama koma imafuna kulimba mtima. Mayunivesite ali ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ndipo wophunzira amene wapita kumeneko ndi kalata ya dokotala semesita ikuyamba amakhala pabwino kuposa amene wapita zotsatira zitatuluka kale. Angapemphe kukhala kutsogolo m'kalasi, kujambula mawu a mphunzitsi pa foni ngati waloledwa, malo achete olembera mayeso kapena nthawi yowonjezera, ngakhale kuti zimene zingaloledwe zimasiyana sukulu ndi sukulu. Payekha angadzimangirenso mpanda uja wa ku sekondale: kudzuka ndi kugona nthawi imodzimodzi, kuwerenga pagulu la anthu awiri kapena atatu pa ola lokhazikika, kusiya foni m'chikwama, kuthamanga kapena kusewera mpira, ndi kupempha makolo kuti ndalama azitumiza mlungu ndi mlungu m'malo mwa zonse pakamodzi. Kupuma chaka pa zifukwa za matenda ndi chisankho cholemera. Ndi choyenera pamene kukhumudwa kwafika poti sakudzuka pabedi, kapena pamene akufunika kusiya mowa ndi chamba, ndipo chichitike mwa kalata motsata malamulo a sukuluyo, bungwe lopereka ngongole la Higher Education Students' Loans and Grants Board litadziwitsidwa. Koma ngati vuto lalikulu ndi ADHD yokha, chaka chokhala kumudzi popanda chithandizo sichisintha kanthu, ndipo ena sabwereranso.

Ife tinathera pa kuphatikiza: chipatala cha boma chinayamba ndi nkhawa ndi tulo, katswiri mumzinda anatsimikiza za ADHD, ndipo uphungu ndi gulu lowerengera zinamunyamula mpaka kumaliza. Banja limene lilibe ndalama za ulendo wa mumzinda lisataye mtima, pakuti chipatala cha boma, uphungu ndi kukonza kawerengedwe zimachotsa gawo lalikulu la katunduyo. Popita kukaonana ndi dokotala koyamba, tengani kabuku ka kuchipatala, lembani papepala mankhwala onse ndi zakumwa zimene wophunzirayo amagwiritsa ntchito popanda kubisa, ndipo koposa zonse mutengane ndi munthu amene anamulera ali wamng'ono, kaya ndi mayi, agogo kapena azakhali, chifukwa funso la zaka 12 lija mwiniwake sangaliyankhe bwino. Mlongo wanga anapeza malipoti a ku pulayimale m'sutikesi yakale, ndipo kuyambira Sitandade 3 mpaka Sitandade 7 aphunzitsi osiyanasiyana analemba chinthu chimodzimodzi, kuti mwanayu ndi wanzeru koma samvetsera ndipo samaliza ntchito. Dokotala anawawerenga onse asanafunse funso lina lililonse.